Alufeyo Asayandikire

Lamulungu masana, atabwerako ku tchalitchi, a Magret ndi ana awo awiri aakazi anakhala pakhonde n'kumasankha nandolo. Dzuwa la mu Okutobala linali litatenthetsa malata mpaka ankathetheka okha, ndipo phiri la Zomba, lomwe mudzi wawo unagona m'tsinde mwake, linkaoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi wa moto wa m'nkhalango. Rute, mwana wamkulu, ankasankha ndi dzanja limodzi. Mkono wake wamanzere unali m'chikhakha kuyambira pachigongono mpaka ku zala, ataukoleka m'khosi ndi mpango. Mng'ono wake Luso, amene ankaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ku Songani n'kumabwera kumudzi Loweruka, ndiye ankapeta. M'nyumba munagona Peace, mwana wa Rute wa zaka zitatu.

Pansi pa mphasa, pomwe Rute anakhalapo, panali pepala la ku khoti. Analilandira Lachisanu. Masabata atatu m'mbuyomo mwamuna wake, Alufeyo, anam'menya kawiri ndi mpini wa khasu ku dimba chifukwa anachedwa kutsika kuphiri, komwe ankagulitsa sitiroberi kwa alendo a m'magalimoto. Namwino amene anamumanga chikhakha ndiye anamulozera kupolisi, apolisi anamulozera ku khoti, ndipo khoti linalemba pepalalo m'Chizungu, linzake n'kupatsa Alufeyo. Kuyambira tsiku la mpini lija Alufeyo ankagona kwa amayi ake, tsidya la mtsinje. Rute anakhoma nyumba yawo n'kubwerera pakhomo pa amayi ake, pamtunda wongoitana.

"Akubwera," anatero Luso, lichero lili m'manja.

Panjira yochokera ku mjigo pankabwera anthu awiri. Patsogolo panali a Douglas, mlongo wawo wa a Magret, amene anali nkhoswe ya ukwati wa Rute. Anali asanavule jekete la ku tchalitchi. Pambuyo pawo panali a Victoria, amayi ake a Alufeyo, atamanga chitenje m'chiuno ngati akupita kukalima. Munthu wachitatu, Alufeyo mwini wake, anatsalira pa mjigo pomwepo, atatsamira chitsulo chopopera madzi. Rute anangomuona kamodzi n'kubweza maso m'nandolo.

A Magret anadzuka, anayala mphasa ina, natulutsa mpando wa achimwene awo.

"Takulandirani, asewele. Mwaswera bwanji?"

"Ndiswere bwanji pamene mwana wanga akugona m'khitchini ngati mphaka?" A Victoria anakhala pamphasa osavula masilipasi. "Nyumba anamanga ndi manja ake ili apo, yokhoma loko. Tiyeni tiyambe, ndasiya mbuzi padzuwa."

A Douglas anakhala pampando, anakoka thalauza m'maondo, natsokomola.

"Iwe Rute, ine ndine ndani pa banja lako?"

"Ndinu ankhoswe, atsibweni."

"Ndine nkhoswe. Ndiye nkhani ya m'nyumba mwako ndikaimvere kwa anthu pa msika wa ku tauni? Wandidumpha ngati chitsa, wathamangira kupolisi. Anakukwatitsa ndi apolisi?"

"Ndinabwera kwanu kawiri, atsibweni."

"Ukanabwera kachitatu. Banja ndi kupirira. Mano ndi lilime zimalumana, koma zimakhala m'kamwa mmodzi."

"Dzino la achemwali lija mulibemo m'kamwamo," anatero Luso akupetabe. "Tinalitola pakhomo paja chaka chatha."

"Ndani wakufunsa iwe?" a Douglas anakalipa.

"Asiyeni aphunzitsi alankhule," a Victoria anatero moseka, koma m'maso mulibe kuseka. "Osakwatiwa ndiwo amadziwa za banja kuposa tonsefe."

A Douglas anatambasula dzanja, ndipo Rute anatulutsa pepala lija pansi pa mphasa. Analiyang'ana, analitalikitsa, analiyandikitsa. Iwo anagwirapo ntchito yophika zaka makumi awiri m'nyumba za akuluakulu a boma pamwamba pa tauni, koma Chizungu chawo chinali cha m'khitchini, cha kukazinga ndi kuwiritsa. Ananena kuti aiwala magalasi.

"Poti aphunzitsi alipo, atiwerengere. Timve tonse chimene mwam'konzera mnzanu."

Luso anaika lichero pansi, anapukuta manja pa chitenje. Anawerenga kaye chamumtima, milomo ikugwedera, kenaka anaika chala pamzere wachitatu.

"Pali zinthu zinayi zimene alamu aletsedwa. Choyamba, mawu ake ndi 'approach'. Kumeneko ndi kuyandikira. Munthu ali apo, iwe n'kumayenda molunjika pamene ali, mtunda n'kumachepa."

"Mwamuna asayandikire mkazi wake," anatero a Victoria, akuyang'ana a Magret. "Mwamva, asewele? Inu munabereka ana awiriwa muli kutali ndi malemu amuna anu?"

A Magret anatola kamwala m'nandolo n'kukaponya pabwalo.

"Chachiwiri ndi 'follow'," Luso anapitiriza. "Kulondola. Achemwali akamapita kwina, alamu asamabwere m'mbuyo mwawo, kaya pafupi kaya patali."

"Njira yokwera kuphiri ndi imodzi," a Victoria anadula. "Mwana wanga amagulitsa miyala yonyezimira kumtunda komweko. Auluke?"

"Kuyenda ulendo wako m'njira ya anthu onse si kulondola. Kulondola ndi pamene ulendo wakowo ndi munthuyo. Iye akaima, nawe waima. Iye akakhota, nawe wakhota. Mukakumana mwangozi, alamu apatuke, adutse, asaime."

"Apatukire mkazi!"

"Chachitatu ndi 'enter'. Kulowa. Asalowe m'nyumba imene achemwali akugona, kapena mu mpanda, kapena m'dimba iwo ali momwemo. Chachinayi ndi 'loiter'." Apa Luso anaganiza pang'ono. "Kumeneko ndi kuimaima pafupi ndi malo popanda chimene ukuchitapo. Sukubwera, sukupita, wangoima kuti akuone kuti ulipo."

"Ngakhale kuima kuli ndi mlandu," anatero a Douglas, akupukusa mutu. "Azungu anasowa chochita."

Rute ankamvetsera, dzanja lake lili phee m'nandolo. Mawu anayi okha. Akanam'funsa iyeyo a khoti aja, akanawawonjezera ena. Panali kubwera kwa phokoso, Alufeyo akuimba kuchokera ku mlatho, ndipo kumeneko sankakuopa kwambiri chifukwa ankapeza mpata wonyamula mwana n'kuthawira kwa amayi. Panali kubwera kwa chinunu, nsapato zili m'manja, kongozindikira munthu waima kale kumbuyo kwako pa mtondo. Ndipo panali kubwera kwa pambuyo pake, ndi chitenje chatsopano m'jumbo, mutu utawerama, pamaso pa anthu. Kumeneko ndiko kunali kovuta kukana.

"Pomaliza akuti asafike pafupi kuposa mamita handiredi," anatero Luso. "Ndiye ngati bwalo la mpira, golo ndi golo. Kuchokera pano, ndi pa mjigo paja."

Onse anatembenukira ku mjigo. Panali mtsikana akupopa madzi, koma Alufeyo panalibe. Anali ataima pa chulu, pakati pa mjigo ndi nyumba, manja ali m'matumba, akuyang'ana kuphiri ngati akuwerenga mitengo ya paini. Palibe anamuona akuyenda.

"Asendera," anatero Rute chapansipansi.

"Pa mjigo palibe mthunzi," anatero a Victoria. "Mukufuna apse? Kapena pepala lanulo lili ndi mawu oletsanso mthunzi?"

"Kusendera pang'onopang'ono ndi kuyandikira komweko," Luso anayankha. "Pepala silikufunsa ngati munthu wathamanga kapena wakwawa. Likufunsa mtunda."

"Tamvani kamwa. Ana a eni ake kumeneko mumawaphunzitsa zimenezi? Iwe ndiwe wasokoneza mkulu wako. Rute anali mtsikana waulemu, wogwada. Wam'nyamula wekha kupita naye ku tauni kuti akanyazitse mwana wanga pamaso pa ma majisitileti. Ukufuna akhale mbeta ngati iwe, muzikalamba awiri pakhonde pano."

"Amene anawanyamula ndi njinga ya kabaza, mayi, chifukwa fupa linali litatuluka panja. Ine ndinali m'kalasi."

"Anagwa yekha pa mpini!"

"Kawiri?"

"Basi!" A Douglas anamenya dzanja pabondo. "Sitinabwere kudzatukwanizana. Luso, undiyankhe bwinobwino, usawonjezere zako. Mawu anayi onsewo akuletsa ndani?"

"Alamu."

"Rute sakumuletsa kanthu?"

Luso anayang'ananso pepala lija, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Anali munthu wosadziwa kunama pa zolembedwa.

"Ayi. Dzina loletsedwa ndi la alamu okha."

"Ndiye ngati Alufeyo waima chiimire, Rute n'kunyamuka yekha ndi miyendo yake kupita pamene ali, pali wolakwa?"

"Pepala silikunena zimenezo."

"Ndafunsa kuti pali wolakwa?"

"Achemwali sangamangidwe, ayi."

A Douglas anatsamira mpando. A Victoria anakonza duku lawo. Luso anazindikira mochedwa kuti funsolo anabwera nalo kuchokera tsidya, ndipo anapinda pepala lija mwamphamvu mpaka linatsala pang'ono kung'ambika.

Alufeyo tsopano anali pansi pa mtengo wa mango, m'mphepete mwa bwalo, pomwe munthu akalankhula umamva osatchera khutu. Anali atavala malaya oyera amene anavala pa ukwati wa msuweni wake, ndipo anali atameta. Anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri.

"Atsibweni," anaitana ndi mawu ofatsa, "pepani. Ludzu."

"Mwamva?" A Victoria anatembenukira kwa a Magret. "Kuyambira m'mawa sanamwe kanthu. Pakhomo pano munthu amamanidwa madzi? Ngakhale wamisala wodutsa panjira mumam'tungira."

"Ndikawapatse ine," Luso anadzuka.

"Khala pansi," anatero a Douglas. "Si mwamuna wako. Rute, katunge madzi um'patse mnzako."

Pakhonde aliyense ankadziwa chimene madziwo anali. Ku banja limenelo, ankhoswe akamayanjanitsa anthu, sankalemba kalikonse. Akatha kulankhula, mkazi ankatunga madzi m'kapu, n'kuyenda yekha kupita pamene mwamuna wakhala, n'kugwada. Mwamuna akamwa, ankhoswe ankaomba m'manja n'kunena kuti zatha, ndipo kuyambira pamenepo wodzutsanso nkhaniyo ndiye ankakhala wolakwa. Rute anayendapo ulendo umenewo kawiri. Koyamba linali khofi la pa Khirisimasi, diso n'kutupa sabata yathunthu. Kachiwiri linali dzino lija. Maulendo onse awiri Alufeyo anamwa madzi onse, nanena zikomo, ndipo madzulo ake anagona m'nyumba.

"Sindikunena kuti mubwererane lero," a Douglas anatero, mawu atawafewetsa. "Ndi madzi chabe. Munthu ali ndi ludzu. Pepala lako silikukuletsa, mng'ono wako wanena yekha."

"Akamwa, muomba m'manja, atsibweni?"

"Manja ndi anga."

"Apongozi," anatero a Victoria, ndipo aka kanali koyamba kulankhula ndi Rute mwini wake, "ganizirani mwana. Peace akule akuuza anzake kuti abambo ake amaima pa mjigo? Mkono upola. Ine wanga uwu unathyokapo, lero ndikulima nawo. Tonse tinadutsamo. Mukudziyesa ndinu oyamba?"

Rute anayang'ana amayi ake. A Magret anali ataweramira lichero, akusankha nandolo amene anali atasankhidwa kale.

"Taona, anthu ayamba kuima panjira," a Douglas anatero. Zinali zoona. Amayi awiri ochokera ku mjigo anali atatula zidebe zawo, akunamizira kukonza nkhata. "Mawa mudzi wonse udzati mwana wa Magret anamana munthu madzi dzuwa lili pamutu. Dzina limenelo silichoka. Lidzatsata ndi mwana wako yemwe."

Rute anagwira chipupa ndi dzanja lamanja n'kudzuka. Luso anam'gwira chitenje.

"Achemwali, musapite."

"Ndisiye."

Analowa m'nyumba. M'katimo munali mdima wozizira, ndipo Peace anali atagona chafufumimba pamkeka, chala chili m'kamwa. Rute anavundukula mtsuko, anatenga kapu yapulasitiki yobiriwira, anaitsuka ndi chala chachikulu mmene akanathera, natunga. Anaima pamenepo kanthawi. Kudzera pazenera ankaona mtengo wa mango ndi malaya oyera aja. Chipewa chinali chili m'manja awiri, koma phazi lamanja linkagunda pansi, kugunda, kugunda, ngati mmene linkachitira akamadikira kuti alendo achoke.

Anatuluka kapu ili m'dzanja. Anatsika pakhonde. A Victoria anawongola msana, dzanja lili kale pafupi ndi pakamwa kukonzekera nthungululu. Alufeyo anaika chipewa pansi.

Rute anayenda mapazi atatu, anakhota, nagwada patsogolo pa mpando wa a Douglas. Kugwada ndi mkono umodzi kunali kovuta, ndipo madzi pang'ono anatayikira pa fumbi.

"Atsibweni, madzi awa."

"Ukupatsa ine? Waludzu ali uko."

"Ndamva. Sindinam'mane munthu madzi, onse akuona. Koma inu munandiuza tsiku la chinkhoswe kuti chilichonse cha pakati pa ine ndi abambo a Peace chikavuta, chizidzera mwa inu. Lero mwanenanso kuti ndinakudumphani ngati chitsa. Sindikudumphaninso. Madziwa adzere mwa inu."

"Iwe mwana, ukundituma ine?"

"Ndikukupemphani."

"Mwaona mwano?" a Victoria anakuwa. "Mwaona? Munthu wamkulu, wa imvi, mkulu wa mpingo, anyamule kapu ngati wantchito! A Douglas, mukalola zimenezi ndiye kuti pamudzi pano palibe mwamuna."

A Douglas anapinda manja pachifuwa n'kuyang'ana kumbali. Rute sanadzuke. Anagwira kapu ija m'mwamba, mutu atawerama monga mwa ulemu wake. Dzuwa linkamuomba pamsana. Patapita nthawi kapu inayamba kupendekeka, madzi n'kumayenderera pa zala mpaka pachigongono. Amayi a panjira aja tsopano anali anayi, ndipo anali atasiya zonamizira nkhata.

"Dzuka, Rute. Usandichititse manyazi."

Sanadzuke.

"Achimwene," anatero a Magret.

Onse anatembenuka, chifukwa chiyambire nkhaniyo anali asanatsegule pakamwa.

"Landirani kapuyo. Mwanayu mkono ali nawo umodzi."

"Nawenso, Magret?"

"Maulendo awiri aja ndinaomba nawo m'manja. Lero manja anga ali ndi nandolo. Landirani."

A Douglas anapuma mwamphamvu. Anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana anthu a panjira, kenaka anaweramira kwa Rute n'kulankhula motsitsa, mano ali pamodzi.

"Ndikatenga kapu iyi, unkhoswe wanga wathera pano. Usadzandiitanenso. Kaya ndi matenda, kaya ndi mlandu wa munda, kaya mwana wako akadzakula n'kufuna womuimira, udzapite kwa apolisi akowo. Wamva?"

"Ndamva, atsibweni."

"Wamvetsa?"

"Ndamvetsa."

A Douglas anailanda kapu ija mwaukali, nadzuka. Anayenda kudutsa bwalo ataigwira kutali ndi jekete, ngati yanyamula chinthu chonunkha. Rute anakhala pansi pomwe anagwadapo.

Pansi pa mango, a Douglas anatambasula dzanja. Alufeyo anayang'ana kapu, kenaka anayang'ana kupyola phewa lawo.

"Ndinapempha inu?"

"Imwa, mwana wanga, tizipita. Tidzakambirana tsiku lina."

"Ndati ndinapempha inu?"

Dzanja la Alufeyo linatuluka mwadzidzidzi. Kapu inauluka n'kukagwera mu udzu, madzi onse anathera pa jekete la ku tchalitchi ndi kumaso kwa a Douglas. Mawu ofatsa aja anali atapita.

"Rute! Ukundiyesa galu ine? Bwera kuno! Ndati bwera kuno, usanandione!"

Anayamba kuyenda kulowa pabwalo, osasenderanso ayi, koma mapazi akuluakulu, mapewa atakwera. M'nyumba Peace anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Luso analumpha n'kuima patsogolo pa mkulu wake, foni ili m'mwamba.

"Alamu, nambala ya apolisi ndayimba kale, ikuitana. Pondaninso kamodzi muwauze nokha kuti muli pati."

Koma amene anamuimitsa anali a Douglas. Anam'thamangira, anam'gwira malaya pachifuwa ndi manja onse awiri, madzi akudontha pa chibwano. Anali munthu wamfupi, wokalamba, ndipo Alufeyo akanatha kuwakankhira kumbali. Alufeyo anakweza dzanja. Linakhala m'mwamba pamenepo, pamwamba pa imvi zija, anthu a panjira akuona, amayi ake omwe akuona.

"Alufeyo!" a Victoria anakuwa. "Amenewo ayi!"

Dzanja linatsika pang'onopang'ono. A Douglas sanam'siye. Ankamuyang'ana kumaso ngati munthu amene akumuona koyamba.

"Bwerera," anatero. "Bwerera pa mjigo. Ukafika pa mjigo usaime, upitirire."

Alufeyo anadzimasula, analavula pansi, natembenuka. Chipewa anachisiya pomwepo. Amayi a panjira aja anapatuka kum'patsa njira, mmodzi mpaka analowa m'munda wa chinangwa.

A Victoria anadzuka n'kukutumula chitenje ngati mphasayo inali ndi nsabwe.

"Mwakondwa, asewele? Mwam'puta dala kuti anthu amuone choncho. Mwana wanga sanali wotere asanalowe pakhomo pano. Makheni othirira aja ndi ake, wailesi ndi yake, malata a nyumba ija anagula yekha. Tidzatuma anthu adzazule."

"Mudzatume," anatero a Magret. "Asadzabwere yekha."

"Ndipo mdzukulu wanga ndidzamuona, pepala kapena popanda pepala."

"Inu dzina lanu mulibe m'pepalamo, mayi," anatero Luso. "Mukhoza kubwera. Muzidzagogoda."

A Victoria anatola chipewa cha mwana wawo pansi pa mango n'kumapita, akulankhula okha mpaka mawu anazimirira kuseri kwa chulu. A Douglas anatsala pakati pa bwalo akupukuta kumaso ndi mpango. A Magret anawasunthira mpando kuti akhale, koma iwo anapukusa mutu.

"Ndanena, ndanena," anatero, osayang'ana Rute. Anatuluka pabwalo kudzera njira ya kuseri, yopita kwawo.

Rute analowa m'nyumba, anakhala pamkeka, ndipo Peace anakwera yekha pamiyendo pake. Luso anabwera n'kuima pakhomo.

"Foni inalibe mayunitsi," anatero.

Rute anamuyang'ana, ndipo kuseka kunam'tulukira m'mphuno kosafuna, kenaka kunasanduka china. Luso anakhala pambali pake mpaka anatonthola onse awiri, mayi ndi mwana.

M'mawa mwake Luso analawirira kukakwera minibasi ya ku Songani. Rute anapita ku dimba mame asanaume n'kuthyola sitiroberi ndi dzanja limodzi, ntchito ya ola limodzi n'kum'tengera awiri. Atabwerako anaziyala m'timbale, anaika timbaleto m'dengu, navundikira ndi masamba a nthochi. A Douglas anadutsa panjira, khasu lili paphewa. Rute anapereka moni. Iwo anayang'ana kutsogolo n'kupitirira.

Azimayi anzake ogulitsa kuphiri anali akuitana kale kuchokera kumsewu. Rute anaika nkhata pamutu, anagwada pafupi ndi dengu, anayesa kulikweza ndi dzanja lamanja, koma linapendekeka. A Magret anatsitsa Peace kumsana, anagwira dengu mbali zonse ziwiri, nam'senzetsa.

"Lakhala?"

"Lakhala, amayi."

"Pobwera usatsike wekha. Udikire anzako, mudzere njira ya ku damu la Mulunguzi, kumakhala anthu."

"Ndamva."

Anadzuka pang'onopang'ono, anagwiriza dengu ndi dzanja lake limodzilo, nayamba kuyenda kupita kumsewu kumene anzake ankamudikira.